Mmene mungaonere mabwinja a Inca ku Peru mutu usanakugonekeni

Mzinda wa Cusco, womwe unali likulu la ufumu wakale wa a Inca, uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, yomwe ndi malo okwera kuposa ena onse m'Malawi, imathera pa mamita 3,002. Ndiye kuti munthu amene wakwera ndege ku Lima, likulu la Peru, m'mphepete mwa nyanja yamchere, pakangotha ola limodzi ndi theka amatsikira pamalo opitirira Sapitwa ndi mamita 400, thupi lisanakonzeke n'komwe. Alendo ambiri amagona mu Cusco momwemo usiku woyamba, ndipo kukacha ena mwa iwo amakhala ali gone ndi litsipa, matikiti odula ali m'thumba.

Vutoli, lomwe ndi kudwala chifukwa cha kukwera kwa malo, eni dziko amalitcha soroche. Pali mankhwala othandiza, ndipo tiwatchula, koma chitetezo chachikulu chili pa kusankha malo ogona usiku uliwonse. Mukalongosola zimenezo, zina zonse zimapepuka.

Gawo loyamba: mvetsani chimene chimachitika m'thupi

Okosijeni mumpweya wa ku Cusco ndi magawo 21 pa 100, chimodzimodzi ku Nsanje kapena ku London. Chosiyana n'chakuti kumtunda mpweya wonsewo ndi wopepuka, moti mukapuma kamodzi mumakoka pafupifupi magawo awiri mwa atatu a okosijeni amene mukanakoka m'mphepete mwa nyanja yamchere. Thupi limadziwa chochita. Limayamba kupuma mofulumira, mtima umawonjezera liwiro, impso zimakonza magazi kudzera mu mkodzo, ndipo pakapita masabata maselo ofiira amachuluka. Koma zimenezi zimafuna masiku, pamene ndege imakukwezani pa ola limodzi ndi theka.

Matendawa amayamba kuvuta munthu akapitirira mamita 2,500, ndipo sasankha. Wothamanga mitunda italiitali atha kugwa, gogo woyenda ndi ndodo n'kukhala bwinobwino. Ndipotu achinyamata amphamvu ndi amene amadzipweteka kawirikawiri chifukwa sakhazikika. Kukhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre, pamtunda wa mamita 1,000 ndi pang'ono, sikukutetezani. Ngakhale a ku Johannesburg, amene ali pa mamita pafupifupi 1,750, asadzinamize.

Gawo lachiwiri: zochita musananyamuke

Kaonaneni ndi dokotala kutatsala mwezi. Muuzeni bwinobwino kuti mukagona pamtunda wa mamita oposa 3,000. Ngati muli ndi vuto la mtima, la m'mapapo, BP yosakhazikika, kapena ndinu oyembekezera, dokotalayo ndi amene anene ngati ulendo ulipo. Palinso nkhani imene malangizo olembera azungu amaidumpha koma kwa ife ndi yaikulu: sickle cell. Wodwala matendawa asapite pamalo okwera chonchi popanda chilolezo cha dokotala wake. Ngakhale munthu amene angoti ali nako m'magazi kuchokera kwa kholo limodzi, amene sanadwalepo, kapamba wake atha kuvulala kumtunda. Chizindikiro chake ndi kupweteka kwambiri kumanzere, kunsi kwa nthiti. Ngati m'banja mwanu muli matendawa ndipo simunayezetsepo, yezetsani.

Funsaninso za acetazolamide, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Diamox. Mlingo wodzitetezera kwa munthu wamkulu ndi 125 mg m'mawa ndi 125 mg madzulo, kuyamba kutatsala tsiku limodzi kuti mukwere, n'kupitiriza masiku awiri mutafika pamalo okwera. Mankhwalawa sabisa ululu ayi, amafulumizitsa kuzolowera kwa thupi. Amachititsa dzanzi m'zala ndi m'milomo, mumakodza pafupipafupi, ndipo Fanta kapena Coca-Cola amamveka zachilendo m'kamwa. Zimenezo zisakuopseni. Koma ngati Bactrim kapena Fansidar anakutulutsanipo ziwengo, nenani, chifukwa ndi mankhwala apachibale.

Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP kapena ma ARV, muwaike m'chikwama chokwera nacho m'ndege, ndipo mugwirizane ndi dokotala za nthawi yomwera. Peru ili m'mbuyo ndi maola 7 poyerekeza ndi Malawi.

Za mapepala mwachidule: wa pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe amafunika viza, ndipo Peru ili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria. Wa pasipoti ya South Africa amalowa popanda viza. Njira zodziwika ndi zodzera ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa, kenako São Paulo ku Brazil, kenako Lima. Bayitsani katemera wa yellow fever kutatsala masiku osachepera 10 ndipo sungani khadi lachikasu lija, chifukwa pobwerera atha kukufunsani. Pogula inshuwalansi ya ulendo werengani kuti imafika mamita angati. Zina zimalekera pa 3,000.

Nyengo ya kumeneko simungaisokoneze. Cusco ndi Lilongwe zatalikira mofanana kum'mwera kwa equator, choncho mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo Meyi mpaka Sepitembala ndi chilimwe. Juni ndi Julayi kumakhala kowala masana koma usiku madzi amatha kuundana. Ineyo ndingasankhe Meyi kapena Sepitembala: mvula ndi yochepa, anthu sadzaza ngati mu Julayi. Amene akufuna chikondwerero cha dzuwa cha Inti Raymi pa 24 Juni asungitse malo ogona miyezi ingapo m'mbuyo.

Gawo lachitatu: gulani tikiti ya Machu Picchu musanagule china chilichonse cha m'Peru

Machu Picchu ndi mabwinja otchuka kwambiri a mudzi wa a Inca, pamwamba pa phiri. Chiwerengero cha olowa patsiku n'chochepa, ndipo matikiti amagulitsidwa pa intaneti ndi unduna wa zachikhalidwe wa dzikolo. Tikiti iliyonse imakhala ndi tsiku, ola lolowera, dzina lanu, nambala ya pasipoti ndi njira yomwe mudzatsate m'katimo. Kuyambira 2024 njirazi zili m'magulu atatu. Wopita koyamba asankhe Circuito 2, yomwe imakupatsani malo ojambulirapo chithunzi chotchuka chija komanso kukudutsitsani pakati pa nyumba zenizenizo. Ndi imenenso imatha msanga.

Mukapeza tikitiyo ndi pamene mugule ya sitima yapamtunda yopita ku Aguas Calientes, tawuni ya m'munsi mwa Machu Picchu. Makampani ndi awiri, PeruRail ndi Inca Rail. Kwererani m'tawuni ya Ollantaytambo.

Gawo lachinayi: yalani malo ogona kuyambira pansi kupita pamwamba

Apa ndi pamene pagona nkhani. Anthu ambiri amaganiza kuti Machu Picchu ndi malo okwera kwambiri pa ulendowu. Ayi ndithu, ili pa mamita 2,430, pafupifupi mamita 1,000 kunsi kwa Cusco. Tawuni ya Aguas Calientes m'munsi mwake ili pa 2,040. Chigwa cha mtsinje wa Urubamba, chimene alendo amachitcha Sacred Valley, chili pakatikati: Ollantaytambo pa 2,800, Urubamba pa 2,870.

Choncho mukatera ku Cusco musalowe m'tawuni. Tulukani pabwalo la ndege, kwerani takisi yomwe mwagwirizana nayo kale kudzera ku hotela yanu, ulendo wa ku Ollantaytambo. Ndi maola osakwana awiri. Ofuna kusunga ndalama apite pa msewu wa Pavitos, pamene pamaima maminibasi otchedwa colectivo. Msewu umayamba wakwera mpaka cha ku Chinchero, pa mamita oposa 3,700, kenako n'kutsetsereka. Kudutsa pamalo okwera si vuto, chimene thupi limawerengera kwambiri ndi pamene mwagona.

Gonani masiku awiri kapena atatu m'chigwamo, limodzi ku Aguas Calientes, ndipo Cusco ikhale yomalizira. Pofika kumeneko thupi lidzakhala litayamba kale ntchito yake.

Gawo lachisanu: tsiku loyamba musachite chilichonse

Ili ndi langizo lovuta kulitsatira kwa munthu amene walipira ndalama zambiri ndipo mabwinja akuwaona ali pakhonde la hotela. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Yendani pang'onopang'ono m'tinjira ta m'tawuni, khalani pansi, imwani madzi. Mpweya wa kumeneko ndi wouma ndipo mumataya madzi ambiri popuma. Musachite kudzikhutitsa malita osawerengeka. Mkodzo ukakhala woyera ndiye kuti zakwana. Madzi a pampopi musamwe osawiritsa.

Mowa ulekeni masiku awiri oyamba, pisco sour, mowa wotchuka wa kumeneko, ayembekeze. Mapiritsi ogonetsa musamwe, chifukwa amachepetsa kupuma usiku, nthawi imene okosijeni m'magazi amakhala atatsika kale. Ngati mumamwa khofi kapena tiyi tsiku lililonse pitirizani, kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa litsipa lina. Idyani zopepuka, makamaka madzulo: supu wa quinoa, mbatata, mpunga, kapena chimanga chophika cha m'chigwachi, chimene njere zake n'zikuluzikulu ndipo amachigulitsa ndi kachidutswa ka tchizi. Nyama ya mbira yootcha, imene amati cuy, mudzailawe thupi litakhazikika.

Pafupifupi hotela iliyonse idzakupatsani tiyi wa masamba a coca. Ku Peru ndi wololedwa, anthu a m'mapirimo akhala akutafuna masambawa kuyambira kalekale, ndipo amatenthetsa m'mimba bwino. Koma palibe umboni wa achipatala wakuti amateteza ku soroche, choncho asalowe m'malo mwa mpumulo. Dziwaninso kuti akakuyezani mkodzo masiku ochepa mutamwa, zotsatira zitha kuonetsa cocaine. Oyendetsa ndege, madalaivala a makampani, ochita masewera ndi ena amene amayezedwa kuntchito amwe tiyi wa muña, kachitsamba konunkhira bwino komwe kalibe vuto limeneli. M'mafamase mudzaonanso Sorojchi Pills. Muli aspirin ndi caffeine, moti amangoziziritsa mutu basi.

Usiku mutha kudzidzimuka ngati mwabanika, kapena mnzanu n'kuona kuti mukumasiya kupuma kwa kamphindi kenako n'kupuma mwamphamvu. Zimachitika kwa anthu ambiri kumtunda, ndipo pazokha si zoopsa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: siyanitsani zopirira ndi zothawa

Soroche wamba amayamba pakapita maola 6 mpaka 12 mutafika. Amafanana ndi matsire: mutu kuwawa, nseru, kusafuna chakudya, chizungulire, kufooka. Chochita n'chosavuta. Musakwerenso, pumulani, imwani Panado kapena Brufen, ndipo pakatha tsiku limodzi kapena awiri zimatha. Mahotela ambiri ali ndi silinda ya okosijeni, pemphani osachita manyazi. Lamulo losaphwanyika ndi lakuti munthu amene ali ndi zizindikirozi asakagone pamalo okwera kuposa pamene ali.

Pali mitundu iwiri yomwe imapha, ndipo aliyense pagulu lanu aidziwe.

Woyamba ndi kutupa kwa ubongo. Munthu amadzandira ngati woledzera, amasokonezeka, amayankhula zosamveka, amangofuna kugona, mutu sumva mankhwala. Muyeseni motere: jambulani mzere pansi, ayende pamzerepo chidendene chikugunda zala za phazi linalo. Akalephera, musadikire kuti kuche.

Wachiwiri ndi madzi m'mapapo. Kupuma wefuwefu pokwera masitepe n'kwa aliyense, koma uyu amabanika atangokhala pansi. Amatsokomola, poyamba chifuwa chouma, kenako makhololo a thovu, nthawi zina ofiirira. Milomo imatuwa. Kawirikawiri zimayamba usiku wachiwiri mpaka wachinayi, ndipo zitha kubwera popanda litsipa.

Pa zonse ziwirizi mankhwala enieni ndi okosijeni ndi kutsika msanga, mamita 500 mpaka 1,000, wodwalayo asakuyenda yekha komanso asakunyamula katundu. Mu Cusco muli zipatala zozolowera matendawa, ndipo hotela ikhoza kukuitanirani dokotala usiku. Munthu wosokonezeka mutu amakana kuti akudwala, choncho chigamulo chikhale cha amene ali bwino.

Kwa ochokera kwathu pali msampha wina. Mutu, kufooka ndi nseru ndi zizindikironso za malungo, ndipo mutha kunyamuka nawo kumudzi n'kukaonekera ku Peru. Soroche wamba satenthetsa thupi kwambiri. Mukayamba kutentha ndi kunjenjemera, muuzeni dokotala kuti mwachokera kudera la malungo ndipo muumirire kuti akuyezeni magazi. Ku Cusco kulibe malungo, moti iye sangawaganizire msanga.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: yambani ndi chigwa

Gulani Boleto Turístico, tikiti imodzi ya masiku 10 yolowera malo 16, kuphatikizapo Ollantaytambo, Pisac, Moray, Chinchero ndi Sacsayhuamán. Imagulitsidwa pakhomo pa malo amenewa, ndipo tengani ndalama zakumeneko, ma sol, m'manja. Machu Picchu, kachisi wa Qorikancha ndi minda ya mchere ya Maras zili ndi matikiti akeake.

Tsiku lachiwiri m'mawa, mabasi a alendo asanafike, kwerani mabwinja a Ollantaytambo. Masitepe ndi pafupifupi 200. Kwerani khumi, imani, pumani, yang'anani chigwa. Pamwamba mudzapeza miyala isanu ndi umodzi ikuluikulu yofiirira ya kachisi wa dzuwa amene sanamalizidwe. Inasemedwa kutsidya kwa mtsinje, pa phiri la Kachiqhata, ndipo anthu anaitsitsa, kuiwolotsa ndi kuikweza ndi zingwe, popanda ngolo kapena zida zachitsulo cholimba. Ina inatsala m'njira ndipo ikadali pomwepo. Pamalo pano mu 1537 Manco Inca, mfumu ya a Inca, anagonjetsa asilikali a pa akavalo a ku Spain otsogozedwa ndi Hernando Pizarro. Anapatutsa madzi a mtsinje n'kusefukiza dambo la m'munsi, akavalo n'kumatitimira. Kumeneku kunali kupambana kosowa kwa a Inca pa nkhondo yawo ndi Asipanishi. Tawuni yakenso musaipeputse: misewu yake ndi ngalande zamadzi zoyenda pakhomo ndi zomwe zija za nthawi ya a Inca, ndipo anthu akukhalamobe. Pa phiri loyang'anana nalo, Pinkuylluna, pali nkhokwe zomangidwa pamalo a mphepo yozizira kuti chimanga chisawonongeke.

Moray ndi minda yozungulira yotsika m'dzenje masitepemasitepe, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti ankayeserapo mbewu, chifukwa kutentha kwa pansi ndi pamwamba kumasiyana. Ili pa mamita 3,500, choncho ndi yabwino kukwera masana n'kubwerera kukagona m'chigwa. Phatikizani ndi Maras, kumene mabanja akupangabe mchere m'timaiwe masauzande todzazidwa ndi kasupe wamchere. Ku Pisac kwerani takisi mpaka pamwamba, mutsike wapansi.

Gawo lachisanu ndi chitatu: Machu Picchu

Sitima yochokera ku Ollantaytambo imatenga maola osakwana awiri ndipo imalola kachikwama kakang'ono. Sutikesi isiyeni kuhotela. Ku Aguas Calientes mudzamva kupepuka m'chifuwa. Gulani tikiti ya basi madzulo omwewo, ndipo m'mawa mukakhale pamzere kutatsala ola limodzi kuti nthawi ya pa tikiti yanu ikwane. Basi imakwera msewu wokhotakhota kwa theka la ola. Pasipoti yeniyeni ikhale m'manja, osati fotokope.

Zimbudzi zili kunja kwa geti, zolipira, ndipo m'katimo mulibe. Mukatuluka simubwereranso, komanso njira ndi yopita kutsogolo kokha, choncho malo mukawakonda imani pomwepo mukhutire. Valani zamanja aatali chifukwa kuli tintchentche toluma kwambiri, ndipo dzolani mafuta oteteza ku dzuwa ngakhale khungu lanu ndi lakuda. Dzuwa la m'mapiri amenewa limawotcha milomo ndi mphuno.

Malowa anamangidwa cha m'ma 1450 mu ulamuliro wa mfumu Pachacuti, ndipo akatswiri ambiri amati anali mudzi wachifumu wopumulirako. Asipanishi sanafikeko, n'chifukwa chake sanagumulidwe. Hiram Bingham wa ku America anawatchukitsa mu 1911, koma amene anamulondolera anali mlimi wa komweko, Melchor Arteaga, ndipo anapeza mabanja akulima m'minda yakaleyo. Anthu ambiri maso amakhala pa chithunzi, koma inu muyang'anenso pansi. Kuno kumagwa mvula yambiri ndipo phiri ndi lotsetsereka, komabe mudziwu sunakokoloke kwa zaka zoposa 500, chifukwa pansi pa minda ya masitepe anayala miyala, nsangalabwi ndi mchenga kuti madzi azilowa pansi, n'kuboola makoma kuti azituluka. Tsatirani akasupe 16 otsika motsatizana pakati pa nyumba. Kwa aliyense amene anaonapo munda ukukokoloka m'mbali mwa phiri, ichi n'chodabwitsa kuposa makoma.

Huayna Picchu, phiri losongoka la kumbuyo kwa chithunzi chija, lili ndi tikiti yakeyake ndi masitepe opapatiza pamwamba pa phompho. Wamantha ndi malo okwera angolisiya, sataya zambiri.

Gawo lachisanu ndi chinayi: tsopano Cusco

Ngakhale mwazolowera, mwakweranso mamita 600 kuchokera m'chigwa, choncho madzulo oyamba muwatenge mofatsa. Yambani ndi za pafupi. Qorikancha anali kachisi wamkulu wa ufumu wonse, ndipo golide wa m'makoma ake anakanganulidwa kuti akawombole mfumu Atahualpa, imene Francisco Pizarro anaigwira ku Cajamarca mu 1532 n'kuipha chaka chotsatira ngakhale dipo linaperekedwa. Asipanishi anamanga tchalitchi cha Santo Domingo pamwamba pake. Chivomezi cha 1950 chinawononga tchalitchicho, makoma a Inca osasuntha. Yang'anani chifukwa chake: makoma amapendekera m'kati, makomo ndi otambalala pansi n'kuchepa pamwamba, ndipo miyala inalumikizidwa popanda matope. Pa kamsewu ka Hatun Rumiyoc pali mwala wa ngodya 12. Kuugwira n'koletsedwa.

Mabwinja anayi a pamwamba pa mzinda ali ndi njira yake yowaonera osadzizunza. Kwerani takisi mpaka ku Tambomachay, malo akutali komanso okwera kuposa enawo, kenako muzitsika wapansi kudzera ku Puka Pukara, Q'enqo ndi Sacsayhuamán mpaka pa Plaza de Armas, bwalo lalikulu la pakati pa Cusco, mtunda wa makilomita pafupifupi 8. Ku Sacsayhuamán, pa mamita 3,700, miyala ina imalemera matani oposa 100. Yaing'onoing'ono Asipanishi anaituta n'kukamangira nyumba zawo kumunsi, yatsalayi ndi imene inawakanika.

Gawo lomaliza: kwa ofuna kukwera kuposa apa

Inca Trail ndi ulendo wapansi wa masiku anayi wokathera ku Machu Picchu, makilomita pafupifupi 43, ndipo tsiku lachiwiri mumadutsa pa Warmiwañusqa, mamita 4,215. Amalola anthu 500 patsiku kuphatikizapo onyamula katundu ndi otsogolera, muyenera kudzera ku kampani yovomerezeka, ndipo mu Febuluwale njirayi imatsekedwa. Malo amatha kutatsala miyezi. Musauyambe musanagone masiku atatu pamalo okwera, ndipo limodzi kapena awiri mwa masikuwo akhale a mu Cusco. Mukapitirira mamita 3,000, malo ogona asamakwere ndi mamita oposa 500 pa usiku umodzi, ndipo pa masiku atatu kapena anayi alionse pakhale tsiku lopuma.

Vinicunca, phiri la mizere yamitundumitundu limene mumaliona pa Facebook, lili pa mamita oposa 5,000. Pa Plaza de Armas anyamata ogulitsa maulendo adzakuuzani kuti ndi kosavuta, galimoto inyamuka mawa 4 koloko m'bandakucha. Si mabwinja a Inca, ndipo kumeneko okosijeni amakhala pafupifupi theka la wa m'mphepete mwa nyanja. Ngati mtima ukufunabe, likhale tsiku lomaliza la ulendo wonse, mufunse ngati m'galimotomo muli silinda ya okosijeni, ndipo mutu ukayamba kugunda m'njira mubwerere.

Polongedza katundu wobwerera, tulutsani masamba onse a coca, tiyi wake wa m'mapaketi ndi maswiti ake, ngakhale munagula m'sitolo yapabwalo la ndege. Kunja kwa mayiko ochepa a ku South America zimenezi zimawerengedwa ngati mankhwala osokoneza bongo, ndipo mudzadutsa pa mabwalo a ndege awiri kapena atatu musanafike kwanu.